Mwamuna Akavula Chigoba: Zimene Ndaphunzira m'Mabuku a Nthano Zojambula

M'chigawo chino cha maphunziro anga a zolembalemba takhala tikuwerenga mabuku a nthano zojambula ochokera ku America, amene ambiri timangowatchula kuti makomiki, ndipo funso limene ndinasankha kulembapo ndi lakuti: n'chifukwa chiyani ngwazi zamphamvu zodabwitsa, zimene zimatha kupulumutsa mzinda wonse, zimalephera kukhala bwino ndi munthu mmodzi amene amazikonda? Pamene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anatulutsa Superman mu 1938, owerenga ankayembekezera ngwazi yosagwedezeka, ndipo malamulo a bungwe loyang'anira makomiki la Comics Code Authority amene anakhazikitsidwa mu 1954 anachita kunenetsa kuti chabwino chizigonjetsa choipa nthawi zonse. Zinthu zinayamba kusintha mu 1962 pamene Stan Lee ndi Steve Ditko anabweretsa Spider-Man, mnyamata wovutika ndi ndalama komanso wodziimba mlandu chifukwa cha imfa ya Ben, mbale wa bambo ake amene ankamulera.

Nthano imene inandigwira mtima koyamba ndi ya Iron Man ya mu 1979, yolembedwa ndi David Michelinie ndi Bob Layton. Mdani wake Justin Hammer anapeza njira yolamulira chovala chachitsulo cha Tony Stark (dzina lenileni la Iron Man) ali patali, mpaka chovalacho chinapha kazembe wa dziko lina anthu akuona, ndipo Stark, amene anali kale wokonda chakumwa, analowerera m'mowa. Tsiku lina ataledzera anakalipira Jarvis, wantchito wake wokhulupirika, ndipo Jarvis anatula pansi ntchito. Pachikuto cha gawo lomaliza la nthanoyi pali Stark akudziyang'ana pagalasi, ndevu zosameta, nkhope ili thukuta lokhalokha, botolo lili pafupi, chipewa chake chachitsulo chili pambali. Wojambula sanafunike mawu ambiri kuti atiuze kuti chitsulo chija chimatchinga zipolopolo koma sichingatchinge manyazi. Amene anamuthandiza anali bwenzi lake Bethany Cabe, ndipo sanamuthandize pomutamanda kapena pomunyoza. Anamufotokozera za mwamuna wake wakale amene anakodwa m'mankhwala ozunguza bongo, kenako anakhala naye m'masiku owawa osiya mowa.

Buku la Watchmen, limene Alan Moore ndi Dave Gibbons anatulutsa m'magawo 12 pakati pa 1986 ndi 1987, limafika pakatikati penipeni pa nkhaniyi. Dan Dreiberg anali ngwazi yotchedwa Nite Owl, koma boma litaletsa ngwazi zovala zigoba mu 1977 m'nthanomo, anangokhala bambo wonenepa, wamanyazi, wosungira zida zake zakale m'chipinda chapansi pa nyumba. Atayandikana ndi Laurie, mkazi amene nayenso anali ngwazi, pampando wapabalaza, wailesi yakanema ikulankhula, thupi lake linakana, ndipo Gibbons anajambula kulepherako m'timabokosi ting'onoting'ono tofanana, moti wowerenga amamva kulemera kwa mphindi iliyonse. Dan anapezanso mphamvu pokhapokha atavala chovala chake chija n'kupulumutsa anthu m'nyumba imene inkayaka moto. Ena m'kalasi anaona chigawo chimenechi ngati chipambano cha chikondi, koma ine ndimachiwerenga ndi chisoni, chifukwa chikusonyeza mwamuna amene sakhulupirira kuti angakondedwe ngati palibe chimene wachita, palibe amene wamupulumutsa, palibe chimene wabweretsa. Laurie anali atamulandira kale asanavale chilichonse, koma Dan sanathe kudzilandira.

M'buku lomweli muli Doctor Manhattan, amene amatha kukhala malo angapo nthawi imodzi, moti ali kuchipinda ndi Laurie, amene anali bwenzi lake asanayandikane ndi Dan, thupi lake lina linali likugwira ntchito ya sayansi m'chipinda china. Zinthu zitamuthina anangochoka kupita ku Mars. Katswiri wa zamaganizo Ronald Levant analemba m'zaka za m'ma 1990 kuti anyamata ambiri amaleredwa m'njira yoti amakula asakudziwa kutchula zimene akumva mumtima, ndipo chotsatira chake n'chakuti chisoni ndi mantha zimatuluka ngati mkwiyo, kukhala chete, mowa kapena kukwiririka m'ntchito. Nditawerenga zimenezi ndinazindikira kuti Stark, Dan ndi Manhattan ali ndi vuto lofanana, kungoti aliyense ali ndi kothawira kwake.

Ngakhale kuti nthanozi ndi za ku America, sindikanatha kuziwerenga osakumbukira mawu amene tonse tinakula tikuwamva, akuti mwamuna salira. Timamuuzanso kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iye amamva kuti ayenera kupirira yekha, osadandaula. Bambo amene ntchito yamuthera amadzuka m'mawa, kuvala bwinobwino n'kutuluka ngati akupita kuntchito, chifukwa amaopa kuti akanena zoona ulemu wake pakhomo utha limodzi ndi malipiro. Nkhani ikamafika kwa ankhoswe imakhala itasanduka ya kuledzera kapena ya kusalankhulana, pamene gwero lake linali mantha amene sananenedwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limasonyeza kuti chiwerengero cha amuna odzipha chimaposa kuwirikiza kawiri cha akazi, ndipo chiwerengero chimenechi chimandiuza kuti kukhala chete kwa amuna si chizindikiro chakuti alibe chosowa. Monga ndikuonera, chimene amuna ambiri amasowa m'banja si kutamandidwa kokha ayi, koma kutsimikiziridwa kuti mnzawo sawataya pa tsiku limene alibe chopereka, komanso mpata wonena kuti akuopa popanda mawuwo kudzasanduka chida chowalasira pa mkangano wotsatira.

Komabe pali malire amene nthano yina inandikakamiza kuwaona. Mu 1981, m'nthano za gulu la ngwazi lotchedwa Avengers zolembedwa ndi Jim Shooter, Hank Pym, wasayansi amene ankadziona wochepa pakati pa anzake amphamvu, anakonza chiwembu choti aoneke ngwazi pamaso pawo, ndipo mkazi wake Janet van Dyne atayesa kumuletsa anamumenya kumaso. Janet anathetsa banja, ndipo kufikira lero owerenga sanaiwale dzanja lija ngakhale kuti Pym anachita zabwino zambiri pambuyo pake. Kusowa kwa Pym kunali kwenikweni, koma sikunachepetse mlandu wake ngakhale pang'ono. Ndinaonanso kuti m'nthano zonsezi ntchito yochiritsa mwamuna imagwera mkazi, kaya ndi Bethany, Laurie kapena Janet, ngati kuti mwamunayo alibe anzake, abale kapena aphungu. N'chifukwa chake m'nkhani imene ndikulemba ya mayeso ndawonjezerapo Heroes in Crisis ya Tom King, imene inayamba kutuluka mu 2018, momwe ngwazi zimapita kumalo otchedwa Sanctuary kukafotokoza zowawa zawo, ndipo ndikufuna kufufuza ngati mwamuna amene wapeza kokatula nkhawa kunja kwa banja amabwerera kunyumba ali wotha kumvetsera mkazi wake.