Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Agwape a ku Braemar

Ntchito yosamalira agogo ena ake ndinaiyamba kumapeto kwa 2020, masamba atayoyoka kale m'mitengo. Nyumba yawo inali kunja kwa mudzi wa Braemar, m'chigwa cha mtsinje wa Dee, pakati pa mapiri a Cairngorms ku Scotland. Kwathu ku Dedza chisanu timachidziwa, koma cha kumeneko n'china. Mu December dzuwa linkalowa 4 koloko isanakwane, ndipo chifukwa cha mliri wa Covid-19 pakhomo sipankafika mlendo.

Agogowo anali bambo wa zaka zoposa 80, amene anakalamba akuweta nkhosa m'mapiri omwewo. Miyendo inali itawakana, choncho m'mawa uliwonse ndikawasambitsa ndi kuwapatsa phala, ndinkawakhazika pawindo la kukhitchini. Poyamba tinkangoona tizilombo ting'onoting'ono: agologolo ofiira odzaba mtedza wa mbalame, ndi kalulu wakumapiri amene ubweya wake umasanduka woyera nyengo yozizira ikafika.

Sinowo itakwirira mapiri, agwape anatsika. Awa si tiagwape tating'ono timene tinkathawathawa m'minda ya kwathu kale ayi. Amawatcha red deer, ndipo pa nyama zakutchire zoyenda pamtunda ku Britain konse palibe yowaposa kukula. Tsiku loyamba ndinangoti kakasi, kapu ya tiyi ili m'manja. Anali aakazi okhaokha ndi ana awo, ataima kuseri kwa mpanda wamiyala, nthunzi ili tolotolo m'mphuno. Wina anayandikira kwambiri moti ndinkaona timadzi touma pa ubweya wa pakhosi pake. Ankapalasa sinowo ndi chiboda chakutsogolo, n'kulowetsa mlomo, n'kuzula timasamba touma ta tizitsamba ta m'mapirimo totchedwa heather. Akasuntha, mwana wake ankathamangira padzenje lomwelo kukatola zotsala.

"Agogo, nanga amuna awo ali kuti?"

"Ali paokha, mwana wanga. Amakumana mu October basi."

Anandifotokozera kuti nyengo yokwerana atonde amabangula usiku wonse, kumenyana ndi nyanga, osadya mokwanira, motero chisanu chimawapeza ataonda kale. Nyanga zanthambinthambi zijanso sizikhalitsa. Zimathothoka chakumapeto kwa March kapena mu April, zina n'kumera, ndipo agwapewo amatafuna zakugwazo kuti apeze mchere wolimbitsa mafupa. Ndinkamvetsera ngati mwana pa nthano za madzulo, ndipo iwo akamakamba za mapiri awo nkhope inkawala.

Pofika February agwape aja anali atatheratu, nthiti zikuwerengeka. M'mawa wa pa 11 February 2021 ku Braemar kunazizira mpaka madigiri 23 pansi pa ziro, kuzizira kumene dziko lonse la UK linali lisanakuone kuyambira 1995. Agogo ankakumbukira za 1982, pamene kunafika -27.2. Nditatuluka kukatenga nkhuni, mpweya unkabaya m'chifuwa. Patsinde pa mpanda ndinapeza mwana wa gwape atafa, miyendo atapinda, thupi lili gwa. Mayi wake anali chapatali, osachoka. Ndinalira ndithu, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Chimene chinandipweteka koposa ndi kulira kwa mfuti. Masiku omwewo alenje a m'maesiteti ankawombera agwape aakazi, poti lamulo limalola kuyambira pa 21 October mpaka pa 15 February. Ndinafunsa agogo kuti munthu angalimbe mtima bwanji kupha nyama imene njala yaigwira kale pakhosi.

Sanandiyankhe msanga. Analoza phiri la kutsidya, losalala lopanda mtengo, n'kunena kuti kale munali nkhalango ya paini. Mimbulu imene inkadya agwape inaphedwa yonse zaka mazana apitawo, ndipo eni malo olemera ankafuna agwape ambiri oti alendo azidzasaka. Kamtengo kakangophuka, gwape amakabudula. Kwatsala mitengo yokalamba, yopanda ana. Agwapewo nawonso akachuluka msipu suwakwanira, ndiye chisanu chimapha ofooka mwankhanza kuposa chipolopolo. Anandiuza za Mar Lodge, malo aakulu kumadzulo kwa mudziwo amene bungwe la National Trust for Scotland linatenga mu 1995. Kumeneko anachepetsa agwape kwambiri, anthu ena anakwiya nazo, koma mitengo ya paini inayamba kumera yokha popanda woibzala.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkaganiza za Dzalanyama ndi matumba a makala otsika panjinga kupita ku Lilongwe. Bambo anga ankasimba za agwape ndi mbawala zodzadya nyemba kudimba. Ine ndinakula osaonapo ndi mmodzi yemwe, poti misampha, moto wolusa ndi nkhwangwa zinatha zonse. Kwathu mapiri ayera chifukwa cha umphawi, kumeneko ayera chifukwa cha kuchuluka kwa nyama. Mfundo ya agogo ndinaivomera ndipo ndimaivomerabe, ngakhale mfuti ikalira ndinkatseka makutu.

Patapita masiku, mlenje wina woyandikana nafe anasiya mwendo wa gwape pakhomo, monga ankachitira chaka ndi chaka. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinauduladula, n'kuuphika pang'onopang'ono ndi anyezi ndi tomato, n'kuphika nsima ndi ufa umene mnzanga ananditumizira kuchokera ku Aberdeen. Agogo anali asanadyepo nsima. Anasamba m'manja, ndinawaonetsa kakonzedwe ka mbamu, ndipo anadya mpaka kupempha ina.

Sinowo inayamba kusungunuka chakumapeto kwa mweziwo, agwape n'kuyamba kubwerera kumtunda. Ndi nthawi yomweyo imene agogo anayamba chifuwa chimene chinatifikitsa kuchipatala, ndipo za ulendo umenewo ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.