Lachitatu pakhonde ku Chilenje

Magetsi anazima cha m'ma 17, ndiye tinatulutsa mbaula pakhonde. Amayi anali kusadzula chibwabwa, ine ndikukupiza makala. Mwana wa mlongo wanga, amene ali Giredi 12, anabwera ndi buku la Things Fall Apart, lija ndinamugulira kwa ogulitsa mabuku akale pafupi ndi City Market, chikuto chomata ndi selotepu.

"Malume, funso likuti akusimba nkhaniyi ndani. Si Achebe kodi?"

Ndinati wolemba ndi Chinua Achebe, inde, analitulutsa mu 1958, koma maso amene amatibwereka poonera nkhaniyo ndi a anthu ena. Sanandimvetse. Ndinamuuza ayambe wafotokozera agogo ake za Ikemefuna m'Chinyanja.

Anafotokoza bwino ndithu: mnyamata woperekedwa ku mudzi wa Umuofia ngati dipo, wakhala zaka zitatu pakhomo pa Okonkwo, mwini nkhani m'bukuli, mpaka kumutchula kuti atate, kenako kutengedwa kupita kuthengo kukaphedwa. Atathawira kwa Okonkwo, iye yemweyo ndiye anamutema ndi chikwanje poopa kuoneka wamantha. Amayi anasiya kusadzula.

"Ameneyo ndi Abrahamu ndi mwana wake paphiri," anatero. "Koma apa nkhosa sinabwere."

Amayi sanaliwerengepo bukuli, Chingerezi chawo n'cha moni basi, koma Genesis 22 ali nayo pamtima. Mtsikanayo anayatsa tochi ya foni n'kuyamba kufunafuna, mpaka anapeza pamene Nwoye, mwana weniweni wa Okonkwo, atalowa Chikhristu akutchedwa Isaac. Anakuwa ngati watola ndalama. Ine ndinaliwerenga kusekondale, ndinalibwerezanso, koma ziwirizi sindinazilumikizepo. Manyazi anandigwira pang'ono.

Zoti mutu wa bukuli unachokera m'ndakatulo ya W. B. Yeats wa ku Ireland anazilemba kale m'kope, sitinachedwepo.

Nsima itapsa ndinamupempha awerenge tsamba lomaliza mokweza. Buku lonse takhala tili m'mudzi, tikumva miyambi, ng'oma, kulima zilazi, zaka 7 za Okonkwo kwawo kwa amake ku Mbanta. Mwadzidzidzi tili m'mutu mwa DC wachizungu amene wangoona mtembo wa Okonkwo uli lende pamtengo. Mzunguyo akuganiza za buku limene akufuna kulemba, n'kuona kuti munthuyu sangadzaze chaputala chonse, ndime imodzi ikwana. Machaputala 25 afinyidwa kukhala ndime! Kwa ine palibe tsamba lowawa kuposa limeneli, ngakhale imfa ya Ikemefuna siifikapo.

"Ndiye wosimba wasintha?" anafunsa.

Ndinati wosimba ndi yemweyo, wangosuntha mpando n'kukhala kumbuyo kwa mzunguyo. Analemba zimenezo, kenako anafufuta, nati mayeso amafuna mawu akuluakulu. Tinakangana pang'ono. Amayi anati nsima ikuzizira, ndipo anafunsa ngati mai ake a Ikemefuna anauzidwa za malirowo.