Mtanda umodzi patsiku, masabata 6 apita

Lero ndakwanitsa masabata 6 chiyambireni kudya moyang'ana nthawi komanso kuchepetsa nsima, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale mmene zinayambira, kaili makasitomala anga ku shopu akhala akundifunsa mafunso omweomwewo tsiku lililonse ndipo sindingathe kufotokoza zonse uku ndikupondaponda mashini osokera.

Ine ndine telala, ndimasoka kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, zaka ndili nazo 39, ana atatu. Ntchito yanga ndi yokhala pansi kuyambira ma 7 mpaka ma 17. Mu Ogasiti mutu unandivuta masiku angapo osaleka, ndinapita ku kiliniki, anesi atandimanga chija cha pamkono anati BP ili pa 150 ndi 95. Pa sikelo makilo 94. Kutalika ndine wa mita 1.60 chabe, ndiye anawerengera pa foni yao nkundiuza kuti BMI yanga, muyeso wofananiza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, yatsala pang'ono kufika 37, pomwe ikangodutsa 30 ndiye kuti kunenepako kwafika poika moyo pachiswe. Sanandikalipire ayi, analankhula bwino, koma atandifunsa kuti kodi kubanja kuli wodwala shuga mtima unagunda, chifukwa amama anga akhala akudzibaya insulin zaka zambiri ndipo maso ao pano akuona mwa chimbuuzi. Ndinatuluka muja ndikuganiza za amama njira yonse mpaka kunyumba.

Nkhani ya kusala kudya inachokera kwa mwana wa akulu anga amene ali ku Lusaka, ananditumizira pa WhatsApp. Amaitchula kuti intermittent fasting, ndipo mtundu umene ndinasankha ine ndi uja wa 16:8, kutanthauza kuti maola 16 sudya kanthu, zakudya zako zonse uzidya mkati mwa maola 8 otsalawo. Zimamveka zoopsa koma pa maola 16 aja ambiri umakhala uli mtulo. Ine ndimayamba kudya pa 12, ndipo ikamakwana 20 ndimakhala nditatsuka kale mbale. Mmawa ndi madzi ndi tiyi wopanda shuga wopanda mkaka basi. Kusala kudya si chachilendo kwa ife, kutchalitchi timasala, anzathu achisilamu a ku Down Shops amasala mwezi wathunthu wa Ramadan, chachilendo nchakuti uku ukusala chifukwa cha thupi ndipo ndi tsiku lililonse.

Mbali inayo ndi ya low-carb, kuchepetsa zakudya zokhutitsa zija zimene zikafika m'mimba zimasanduka shuga: nsima, mpunga, buledi, kandolo, chinangwa, vitumbuwa, maheu. Amati low-carb ukamadya magalamu osakwana 130 a zakudya zotere patsiku, pomwe keto ndi yothina kwambiri, osapyola 50. Keto ndinaikana kuyambira pachiyambi, m'nyumba mwanga sizingatheke.

Usiku wina ndinakhala pansi ndi kope la miyezo ya makasitomala nkulemba zonse zimene ndinkadya patsiku, ndipo apa mpamene maso anatseguka. Mmawa makapu awiri a tiyi, iliyonse masipuni atatu a shuga, ndi masilaisi anayi a buledi. Cha m'ma 10 amayi ogulitsa akadutsa ndi beseni ndimagula vitumbuwa kapena kandolo yophika. Masana mitanda itatu ya nsima ya unga woyera uja wa bulekifasiti. Cha m'ma 15 dzuwa likaswa mtengo botolo la kola la 500 ml lozizira bwino, lomwe palokha lili ndi shuga wopitirira magalamu 50. Usiku ma 21 nsimanso. Sipuni yaing'ono imodzi ya shuga ndi pafupifupi magalamu 4, ndipo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mu 2015 analangiza kuti munthu wamkulu asamapyole pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira patsiku, masipuni 12, ndipo nkwabwino koposa atatsika mpaka 6. Ine tiyi ndi botolo lija zokha zinkandifikitsa pa masipuni pafupifupi 19, nsima sitinaiwerenge.

Sabata yoyamba inali yowawa zoona. Tsiku lachitatu mutu unali waa, manja akunjenjemera moti ulusi kulowetsa mu singano kunandikanika, mwana wanga wamkazi anangofunsa za ndalama ya kusukulu ine nkumuyankha mwaukali, madzulo ndinachita kumupepesa. Nthawi yovuta inali ma 10 pamene fungo la vitumbuwa limalowa mu shopu. Ndinaphunzira kuti njala ija imabwera nkupita, ukamwa madzi kapu imodzi nkupitiriza kusoka pakatha mphindi makumi awiri yazilala yokha. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri sikelo inaonetsa kuti makilo awiri ndi hafu apita, ndinasangalala mpaka kuimbira foni ku Lusaka.

Kenako sabata yachiwiri sikelo inangoti zii, osasuntha. Apa mpamene ambiri amasiyira, nanenso ndinatsala pang'ono. Chimene chimachitika nchakuti thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, amamutcha glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imagwira madzi pafupifupi magalamu atatu. Ukachepetsa nsima thupi limayamba ladya nkhokwe imeneyi, madzi aja nkutuluka, nchifukwa chake sabata yoyamba umangopita kukataya madzi pafupipafupi ndipo sikelo imatsika msanga. Ambiri mwa makilo oyamba aja ndi madzi. Mafuta enieni amachoka pang'onopang'ono, hafu kilo pa sabata ndi zabwino ndithu. Pamodzi ndi madzi aja umatulukanso mchere, ndiye mutu uja. Pa gulu la pa WhatsApp ena ankati uzimwa madzi a mchere, ine ndinakana, munthu wa BP yokwera sangamamwe mchere chifukwa wamva kwa munthu amene sanamuonepo. Ndinangoonjeza madzi, makamaka ndi kutentha kwa Okutobala uno ndimamaliza malita awiri kapena atatu.

Za chakudya, mwayi wathu kuno kummawa ndi ndiwo. Pa 12 ndimadya mazira awiri kapena kapenta kapena usipa uja umabwera kuchokera ku Malawi kudzera pa Mwami, ndi mbale yodzadza ndi masamba, lepu, kabichi, bondwe, kalembula, delele, impwa, chilichonse chimene ndachipeza chotchipa ku msika tsiku limenelo. Chibwabwa chotendera ndi nsinjiro ndiye chandipulumutsa kwambiri chifukwa chimakhalitsa m'mimba. Madzulo ma 18 kapena 19 ndimadya limodzi ndi banja, ndipo apa ndimatenga mtanda umodzi waung'ono wa nsima ya mgaiwa, ndiwo zambiri, nkhuku ikapezeka, soya, nyemba pang'ono. Ndinasiya unga woyera chifukwa mgaiwa uli ndi gaga wake ndipo njala imachedwa kubwerera.

Ndinene chilungamo pa za ndalama, chifukwa a pa intaneti sanena. Nsima ndiye chinthu chotchipa kwambiri pa mbale yathu. Ukaichotsa, dzenje limene yasiya uyenera kulikwirira ndi mazira, nsomba, nyama, ndipo zonsezi ndi ndalama. Amene amaonetsa mbale za nyama yootcha ndi tchizi tsiku lililonse sakukhala moyo wathu uno. Ine chimene chandithandiza nchakuti ndalama ya buledi, vitumbuwa ndi kola ndinaisamutsira ku thileyi ya mazira, zikukwanirana movutikira. Ndinalakwitsanso penapake: nshawa. Poti kuno kwathu nshawa nzosasowa ndipo amati zilibe sitachi yambiri, ndinayamba kukazinga Chalimbana nkumatafuna kapu yathunthu masana onse, osadziwa kuti magalamu 100 okha a nshawa ali ndi makalori, muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, oposa 550. Sikelo inaima masiku khumi. Pano ndimatapa dzanja limodzi nkutseka chitini. Saladi wophikira nayenso ndimachita kuyeza ndi sipuni, osangopungulira mu poto.

Koma chovuta chenicheni sichinali njala. Sabata yachitatu apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi cha ku Chadiza, atanyamula nkhuku yamoyo ndi thumba la mgaiwa wa chimanga cholima okha. Mmawa wake ndisanadzuke anali atakoleza kale mbaula, aphika phala lothira nsinjiro, andiikira mbale yanga. Nditanena kuti ndidya masana anangokhala chete, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Apongozi, kodi mwana wanga wakulakwirani chiyani? Kapena ndine ndabwera molakwika?" Mawu amenewa anandilasa. Kwathu kukana chakudya cha munthu wamkulu ndi kukana munthuyo, ndipo iwo anayenda ulendo wonsewo ndi katundu pamutu chifukwa cha ife. Ndinakhala pa mphasa nkudya phala lonse, inali 7 koloko, ndipo sindidandaula mpaka lero.

Titatha kudya ndinawafotokozera za BP ndi za maso a amama anga, poti amawadziwa bwino. Anamvetsera, kenako anati, "Nanga si ife kumudzi timalawirira kumunda osadya kanthu, timadzadya dzuwa lili pamutu? Ndiye chimenecho mwachipatsa dzina lachizungu?" Ananena zoona. Iwo akhala akusala mmawa moyo wao wonse nyengo yolima, kusiyana kwake nkwakuti iwo mitanda itatu ija amaigwirira khasu kuyambira mbandakucha, ine ndimaidya nkubwerera pa mpando. Masiku otsalawo anasiya kundiikira phala, mmalo mwake ankandisungira ndiwo zambiri zamasamba, ndipo usiku ankayang'anitsitsa kuti mtanda wanga umodzi uja ndaumaliza.

Chinanso ndi maso a anthu. Kuno ukanenepa amati amuna anu akukusungani bwino, ukayamba kuonda anthu amanong'onezana. Aneba anga, mayi wachikulire amene timapemphera limodzi, anandikokera pambali tikutuluka m'tchalitchi nkundiuza kuti, "Mwana wanga, ngati pali vuto usachite manyazi, pita ukayezetse, masiku ano mankhwala alipo." Poyamba zinandipweteka, koma nditaganiza ndinaona kuti mayi ameneyu anaika m'manda abale ake ambiri zaka zija za m'ma 1990, kwa iye munthu akamaonda ndi chizindikiro cha maliro, ananena chifukwa chondikonda. Ndinawathokoza nkuwauza zoona zake. Ndikudziwa azimayi anzanga amene amaopa kuchepetsa thupi chifukwa cha manong'onong'o omwewa ngakhale maondo akuwawawa ndipo BP ili m'mwamba, ndipo zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Sindikufuna wina aganize kuti mu wotchi muli mankhwala. Mu 2022 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa ku Guangzhou ku China, anthu 139 onenepa anawatsatira chaka chathunthu, onse anachepetsa chakudya mofanana koma ena ankadya mkati mwa maola 8 okha, enawo nthawi iliyonse. Pamapeto magulu onse awiri anatsika thupi ndipo kusiyana kwake kunali kochepa moti sikunawerengedwe ngati kusiyana. Ndiye chimene chikugwira ntchito pa ine nchakuti ndikudya zochepa kuposa kale, wotchi yangondithandiza kumanga mpanda. Ikakwana 20 kukhitchini kwatsekedwa, palibenso zoti ndilaweko mkute kapena tiyi wogonera ndi buledi, ndipo lamulo limodzi lotere kwa ine ndi losavuta kusunga kuposa kuwerenga makalori a chilichonse.

Amama atamva anafuna kuyamba nawo, ndinawaletsa mwamphamvu. Munthu wobaya insulin kapena womwa mapiritsi ngati glibenclamide akadumpha chakudya shuga amatha kutsika mpaka kukomoka, ndipo zimapha. Chimodzimodzi amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana amene akukula, ndi aliyense amene ali pa mankhwala ofunika kumwera chakudya, musayambe musanakambe ndi a ku kiliniki. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 ndimaonetsetsa kuti wadya mmawa asanapite kusukulu, ndipo ndimasamala mmene ndimalankhulira za thupi langa iye ali pafupi, sindifuna ayambe kudana ndi chakudya.

Dzulo ndinabwerera ku kiliniki. Sikelo inati 88.5, BP 138 ndi 88, anesi anati yatsikako koma sinafike pofunika, ndizibwerabe mwezi ndi mwezi ndipo ikakana kutsika tikambirana za mankhwala, ndinavomera. M'chiuno ndimadziyeza ndekha ndi tepi ya ku shopu, ndachoka pa masentimita 108 kufika pa 102. Amati m'chiuno musamapyole theka la kutalika kwako, kwa ine ndiye 80, ulendo ukadalipo wautali. Ndayambanso kubwerera kunyumba wapansi mmalo mokwera njinga, mphindi 35, ndipo Loweruka lapitali ine ndi abambo akunyumba tinayenda mpaka m'munsi mwa phiri la Kanjala osapumira panjira, iwonso pano achoka pa mitanda inayi afika pa itatu popanda ine kuwauza.

Chimene chikundidetsa nkhawa manje ndi mango. Mtengo wa kuseri kwa nyumba wabereka mpaka nthambi kuwerama, masabata awiri atatu akubwerawa ayamba kupsa, ndipo chaka chatha ndinkatha kukhala pansi pake ndi beseni nkumaliza khumi nthawi imodzi. Ndagwirizana ndi ana kuti langa likhala limodzi patsiku, ndikatha kudya masana, otsalawo azikagulitsa pa msewu ndalama yake tigule mazira.