Msodzi wa ku Nkhotakota pa ayezi wa ku America

Nditapita ku New Hampshire kukacheza kwa mlongo wanga, alamu anga ankakonda kukamba za nsomba madzulo alionse. Ndinawadula pakamwa. Ndinati alamu, za kompyuta mundiphunzitse, koma za nsomba ayi, ine ndine wa ku Nkhotakota, ndinayamba kupalasa bwato ndisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Iwo anangomwetulira. "Zakoma alamu. Loweruka tipita kunyanja, mukatiphere ndiwo."

Unali mwezi wa February. Nyanja yake ndi Winnipesaukee, yaikulu kuposa zonse m'dera limenelo. Titafika ku Meredith ndinafunsa kumene amakocheza mabwato. Anandilozera bwalo loyera mbee, lodzaza tinyumba tamatabwa, magalimoto atayimikidwa pakati penipeni, ana akuthamangitsana ndi agalu.

"Nyanja ndi imeneyo. Tsikani."

Miyendo inakana. Alamu anafotokoza kuti ayezi akakhuthala masentimita 10 munthu amayendapo bwinobwino, ndipo watsikulo anali wokhuthala kuwirikiza kangapo. Anawonjezera kuti ku Alton Bay, mbali ina ya nyanja yomweyo, ndege zing'onozing'ono zimatera pa ayezi. Ndinati ndege ili ndi mapiko, ikaona zovuta iuluka, nanga ine? Komabe ndinatsika, nditavala majekete awiri ndi majombo obwereka kwa alamuwo.

Anaboola ayezi ndi chiboolero cha batire, dzenje la masentimita 20 m'mimba mwake, madzi akuda bii n'kutumphukira. Pamwamba pa dzenjelo anaikapo timitengo topingasa, chingwe chikulendewera m'madzi, kumbedza kuli kansomba kamoyo. Pamtengopo pali kambendera kopindidwa. Nsomba ikakoka, kambenderako kamadzuka njo, ndiye mwini wake amathamanga. Tinkafuna white perch, nsomba yasiliva yoyenda m'chigulu, imene nyengo yozizira imakonda kufupi ndi pansi. Ndinaseka. Kwathu munthu amachezera usiku wonse ndi nyali ndi chilimira kuti apeze usipa, kuno nsomba imachita kukuimikira mbendera kuti bwana ndafika. Ndinati uku n'kusodza kwa aulesi, ndipo ndinanena mokweza.

Pamenepo pansi panalira.

Guuu! Phokoso linachokera kutali, linadutsa pansi pa mapazi anga enieniwa, n'kukathera kutsidya. Sindinafunse munthu. Ndinadzigwetsa chafufumimba, manja uku miyendo uko, chifukwa ndinali nditamva kuti ayezi akamasweka uzigona kuti usalemere malo amodzi. Ndinaitana amayi anga. Ndinamuuza Mulungu mayina a anthu onse amene ndili nawo ngongole, ndi ndalama zake zomwe. Nditatsegula diso limodzi ndinaona timajombo tapinki pafupi ndi mphuno yanga. Kanali kamtsikana kosayamba n'komwe sukulu, kakundifunsa mwaulemu ngati ndataya kanthu, kandithandize kufuna.

Alamu anali atagwira m'mimba ndi phwete. Atapeza mpweya anati ayezi amalira choncho akamafufuma ndi kunyala chifukwa cha kusintha kwa kuzizira, makamaka kukazizira kwambiri, ndipo asodzi akumeneko samutembenukira n'komwe. "Dzukani alamu, mwana wa kunyanja."

Ndinadzuka ndikusasa sinowo, mumtima ndikulumbira kuti nsomba yoyamba ikhala yanga. Posakhalitsa wina anakuwa, kambendera kathu kali njo. Ndinaliyatsa liwiro. Kuthamanga pa ayezi ndi majombo a eni ake n'kovuta, koma ndinkapita ndithu, mpaka mwendo wamanzere unangoti phwa! Linali dzenje lakale la msodzi wina, lophimbika ndi kayezi kopyapyala ndi sinowo. Mwendo unalowa mpaka m'ntchafu, wina n'kutsala kunja utaloza kumwamba. Kuzizira kwake sikuzizira, kumaluma, kumafika m'mano.

Amuna awiri anandigwira m'khwapa n'kundizula. Ndinatuluka ndi sokosi yokha, jombo itapita kukaona kumene white perch zimagona. Alamu anakafika pa kambendera kaja, anakoka chingwe, kansomba ka nyambo kali phee, kamoyo, kosakhudzidwa. Inali mphepo.

Mkulu wina wa ndevu zoyera anandilowetsa m'kanyumba kake. M'katimo munali kambaula, khofi, ndi mabowo pansi oti uzisodza uli pampando. Anati ndivule zonyowazo msanga. Chovala chouma chimene chinapezeka chinali thalauza yogonera ya akazi awo, yamaluwamaluwa, yolekeza m'katumba. Yangayo alamu anaiyanika panja, kaya mwadala kaya ayi. Patangopita kanthawi inauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo iwo anaiimika pa ayezi payokha, miyendo itatang'adza, pafupi ndi dzenje. Anthu ankabwera kudzajambulitsa nayo.

Dzuwa litapendeka chigulu cha nsomba chinafika. Timbendera tinkadzuka uku ndi uku. Mayi mwini thalauza anali kuzivuula pabowo la m'nyumba momwemo ndi kandodo kafupi, uku akundichenjeza za minga yapamsana, ine wa ku Nkhotakota. Ndinangoti zikomo mayi.

Chimene chinanditulutsa m'kanyumbamo ndi zimene ndinaona pawindo. Mkulu uja ankasenga minofu ya m'mbali yokha, mutu ndi fupa lonse n'kuponya m'ndowa ya zotaya. Mutu! Pomwe pali msuzi, pali maso, pali zonona zonse! Apa ndiye manyazi anatha. Ndinatuluka ndi jombo imodzi, phazi linalo nditalikulunga m'jumbo, maluwa akupepeluka, n'kukapempha ndowayo. Mkuluyo anafunsa ngati ndili ndi mphaka. Alamu anayankha m'malo mwanga kuti eya, wamkulu ndithu.

Kunyumba mlongo wanga anatsegula chitseko, anayang'ana maluwa, anayang'ana ndowa.

"Achimwene, zonsezi mwapha ndinu?"

"Mitu yonseyo ndi yawo," anatero alamu akulowetsa thalauza yanga cham'mbali kuti ikwane pakhomo. "Koma jombo ija inali yanga, ndipo sagulitsa imodzi."