Kutsekula m'mimba kobwera ndi mankhwala: zomwe ndaphunzira za Clostridium difficile

Kuno ku Salima munthu akatsekula m'mimba maganizo amathamangira ku kolera, ndipo n'zomveka poganizira mliri wa 2022 mpaka 2023. Koma zomwe ndaphunzira za kachilombo ka Clostridium difficile zanditsimikizira kuti tisanalembere wodwala ciprofloxacin, mankhwala opha tizilombo, tiyenera kufunsa kaye: kodi wodwalayu wamwa kapena kubayidwa mankhwala anji m'miyezi 3 yapitayi?

Kachilomboka kamapeza mpata pamene ceftriaxone, clindamycin, ciprofloxacin kapena amoxicillin wapha tizilombo tabwino ta m'matumbo. Kakatsala kokha kamaswana n'kutulutsa poizoni wa mitundu iwiri, A ndi B, amene amatupitsa thumbo lalikulu. Wodwala amachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa maola 24, m'mimba mukupota, nthawi zina thupi likutentha. Amene kamawagwira kwambiri ndi opitirira zaka 65, ogonekedwa nthawi yaitali, omwa omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'mimba) ndi amene chitetezo chawo chatsika.

Choyamba n'kusiya mankhwala amene ayambitsa vutoli, ngati matenda enawo akulola, ndi kubwezeretsa madzi ndi Thanzi kapena diripi. Mankhwala enieni ndi vancomycin wakumwa, 125 mg kanayi pa tsiku kwa masiku 10, kapena fidaxomicin 200 mg kawiri pa tsiku. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: vancomycin wa mumtsempha safika m'thumbo, choncho pa matendawa sathandiza. Kumene awiriwa kulibe, metronidazole wakumwa, 400 kapena 500 mg katatu pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, amathandiza ngati matenda sanakule. Loperamide, mankhwala oletsa kutsekula m'mimba, ndiye ayi, chifukwa amagoneka matumbo poizoni ali momwemo. Mimba ikafufuma, kutsekula n'kuleka mwadzidzidzi, wodwala n'kumafooka, musati wachira. Thumbo likhoza kuphulika, ayenera kuonedwa ndi a opaleshoni msanga.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'kapewedwe. Kachilomboka kamadzitsekera m'kachikamba kolimba n'kukhala miyezi pa zitsulo za bedi, pa ndowa, pa chitseko cha chimbudzi. Sanitaiza wa spiriti, amene tinamuzolowera nthawi ya Covid-19, sakapha. Manja amafuna sopo ndi madzi oyenda, magolovesi akangovulidwa. Zogwiragwira zitsukidwe kaye ndi sopo, kenako klorini wa 0.5%: JIK wa 3.5% gawo limodzi, madzi magawo 6, wosungunula tsiku lomwelo chifukwa akagona amatha mphamvu. Wodwala akhale ndi ndowa yakeyake, ndipo gadiyani aphunzitsidwe, pajatu ndiye amachapa zitenje, kutaya chimbudzi, n'kubwera kudzamenya nsima ndi manja omwewo.

Mwa odwala 4 kapena 5, mmodzi amayambiranso pasanathe masabata 8. Potuluka m'chipatala zilembedwe m'buku lake la chipatala, ndipo auzidwe kuti kutsekula kukabwerera abwere, asakagule makapisozi ku golosale.