Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: chaka cha madontho a poliyo

Paja ndinalekezera nditayamba ntchito ya u HSA, ulangizi wa zaumoyo m'madera, kuno ku Lilongwe. Lero ndikamba za 2022 koma ndiyambire kaye kwa achemwali anga, anesi aja ali ku Leeds.

Pa 31 January 2020 anandiimbira pa WhatsApp ndili ku Area 25 magetsi atathima, amvekere "achimwene, lero UK ikutuluka mu EU, ndiye lero lomwe alengeza anthu awiri oyamba a korona ku York." Ine kuseka, ndimvekere za azungu izo. Iwo sanaseke ayi. Nkhawa yawo inali pa EWRS, njira yomwe maiko a EU amachenjezerana msanga matenda akabuka, imayendetsedwa ndi ECDC, bungwe la EU loona za matenda opatsirana, ku Stockholm, ndiye ukatuluka m'gulu mpando wako umapita. 2020 itatha UK inatsala ndi mwayi wongopempha kulowamo pakagwa zoopsa, mpaka December 2021 anachita kusainirana pepala lina ndi ECDC yomweyo. Banja latha koma ana mukulerabe limodzi, nanga mutani.

Agogo nditawafotokozera anangoti ifenso Chitaganya chinatha 1963 koma a ku Mchinji analeka liti kupita ku Chipata?

Nkhawa ya achemwali ija ndinadzaimvetsa mu February 2022 atalengeza kuti mwana wa mu Lilongwe muno wapezeka ndi poliyo, kachilombo kake kofanana ndi ka ku Pakistan, tangoganizani. March tinayamba khomo ndi khomo, kula bokosi ya katemera paphewa lamba kumadya khungu, madontho awiri mkamwa, inki pa kachala kakang'ono, choko pa chitseko. Anzathu ku Zambia, Tanzania ndi Mozambique nawo akupanga zomwezo, ndipo mu May anapezanso mwana wina ku Tete.

Tsiku lina pa nyumba ina ku Mtandire ndinapeza mayi ali pa mkeka akusenda mbatata, mwana kumbuyo. Akuti "adokotala, uyu musamuwerengere, ndife alendo a ku Chipata tabwera ku maliro." Mnzanga amati katemera ndi wowerengeka tisiye, akalandira kwawo. Zinandinyansa, ngati kachilomboko kamafunsa chiphaso pa boda ya Mwami. Ndinawapempha mayiwo amutsitse mwanayo, analira ndithu mpaka kundilavulira pa yunifomu, ndinadonthezanso kachiwiri. Pa fomu ndinangomuwerengera ngati wa pakhomopo.

Madzulo ndinawatumizira achemwali chithunzi cha kachala kainki kaja, anayankha mawa lake chifukwa anali pa naiti.