Kuthokoza onse amene anandithandiza kudzutsanso nazale ya viburnum

Abale ndi alongo okhala muno mu Johannesburg komanso kumudzi, ndalemba kuti ndikuthokozeni poyera, chifukwa sabata ino ndapereka mbande zoyamba za viburnum (chitsamba chobzala ngati mpanda) kwa makasitomala kuchokera pamene matalala anawononga nazale yanga.

Amene munakhalapo kuno ku Gauteng mukudziwa mmene mvula ya masana imabwerera m'miyezi yotentha. Tsiku limenelo matalala anang'amba neti yotchingira dzuwa, anagwetsa machubu, ndipo masamba onyezimira aja, omwe ndi amene amakopa wogula, anatsala ali zibowo zokhazokha. Mbande zambiri zinali za mtundu wa Viburnum odoratissimum, chitsamba chochokera ku Asia chomwe eni nyumba kuno amachikonda pa mpanda chifukwa chimakula msanga, sichiyoyola masamba nthawi yozizira, ndipo chimatulutsa timaluwa toyera tonunkhira nyengo yozizira ya kuno ikangotha.

Choyamba ndikuthokoza bambo wina wachikulire wa ku Zimbabwe amene wagwira ntchito ya m'minda ya maluwa kwa zaka zambiri. Iwo atafika anapeza ndikuunjika machubu kuti ndikataye, koma anandiletsa, nakanda khungwa la kamtengo kamodzi ndi chikhadabo kuti ndione kuti mkati mwake munali mobiriwira. Anandiuza kuti ndidulire nthambi zonse zothyoka pamwamba pa mfundo, ndichepetse kuthirira kuti mizu isaole, ndipo ndisathire feteleza kufikira mphukira zitaoneka. Nthambi zodulidwazo nazonso sitinataye: zomwe zinali zitayamba kukhwima tinazidula zifupizifupi, kuchotsa masamba a m'munsi, n'kuzizika mumchenga wa kumtsinje pamthunzi. Kunena zoona, pa thandizo lonse limene ndinalandira, malangizo amenewa ndi amene anapulumutsa bizinesi, ngakhale kuti sanadye ndalama ya munthu aliyense.

Ndikuthokozanso amayi a kumpingo kwathu amene anasonkha ndalama zogulira neti yatsopano, ndi anyamata anzathu ogwira ntchito m'mayadi amene anapereka tsiku lawo lopuma kudzaimika mitengo ndi kudzazanso dothi m'machubu. Abwana anga, omwe anandibwereka kamalo kuseri kwa nyumba yawo ndi kundilola kugwiritsa ntchito madzi a pachitsime chawo, sanandiwerengere kanthu pa miyezi yonse imene nazale sinkabweretsa ndalama. Makasitomala amene munali mutalipira kale ndipo munavomera kudikira, ulemu wanu sindidzauiwala.

Mmodzi mwa inu anandilangiza kuti ndisadalire mtundu umodzi, choncho tsopano ndayambanso kufesa Viburnum tinus, wochokera kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Umenewu umakula pang'onopang'ono ndipo ogula ofuna mpanda wa msangamsanga amaunyoza, koma umapirira chisanu ndipo umachita maluwa nthawi yozizira pamene minda yambiri imakhala itafota. Amene anaona chipale chofewa chikugwa mumzinda uno pa 10 Julayi 2023 sangatsutse kuti chitsamba chopirira kuzizira n'chofunika kuno.

Kwa amene mwatenga mbande sabata ino, chonde bzalani motalikirana pafupifupi mita imodzi, thirani kompositi m'dzenje, ndipo muzidulira nsonga zikadali zazing'ono kuti mpanda udzathithikane kuyambira pansi. Zikakuvutani ndiitaneni, ndidzabwera kudzaona popanda kulipiritsa. Zikomo kwambiri nonsenu, Mulungu akudalitseni.